Katenti kobisalamo pojambula mbalame: ndigule kotani kopirira Chiperoni?

Tiyamike (Luchenza): Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pagulu pano. Ndakhala ndikusunga ndalama kuyambira chaka chatha kuti ndigule katenti kobisalamo pojambula nyama ndi mbalame, kaja kamangotambasuka kokha ukakatulutsa m'chikwama. Msuweni wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi uno ndipo wavomera kundinyamulira, ndiye mpata wake ndi womwewu. Chimene ndikuchifuna kwenikweni ndi mbalame yotchedwa Thyolo alethe. Ndaiona katatu m'kankhalango ka m'mbali mwa mtsinje pa esiteti ina kuno ku Thyolo, koma ndikangosuntha phazi imalowa m'ziyangoyango. Pa intaneti ndaona mitundu itatu: ka waya wachitsulo kopindika ngati mphete, ka timitengo tokumana pakati kamene amati hub, ndi kena kobwera ndi mpando wake womwe. Ogulitsa onse akulemba kuti sikalowa madzi. Amene munakhalamo nthawi ya mawawa a Chiperoni, ndithandizeni. Lenzi yanga ndi ya 150-600mm.

Kondwani (Limbe): Achemwali, tengani ka hub. Kamaima nji, mkati ndi motakasuka, tripod (miyendo itatu ija yoimikapo kamera) imakwana bwino ndipo mutha kutambasula miyendo. Muzikhalamo maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye malo ndi ofunika kuposa mmene mukuganizira pano. Koma mawu oti sikalowa madziwo musawakhulupirire msanga. Funsani nambala. Pa nsalu za matenti amalembapo mamilimita, monga 1,500mm kapena 3,000mm. Tanthauzo lake ndi kutalika kwa madzi amene angaimikidwe pamwamba pa nsaluyo isanayambe kuthonya. Kuyambira 1,500 ndiye amati yateteza, koma kwathu kuno ine ndingafune 3,000 padenga. Nambala inayo, ya 150D kapena 300D kapena 600D, ikunena za kukula kwa ulusi, osati za madzi. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Nsalu ikhoza kukhala yokhuthala koma n'kumadontha ngati sefa.

Kondwani (Limbe): Chinanso, muone ngati misoko anaimata ndi tepi mkati. Madzi salowera pakati pa nsalu pokha, amaloweranso pamene padadutsa singano.

Yohane (gaidi, Likhubula): Achimwene a Kondwani, zanenedwazo ndi zoona, koma ka hub munakanyamulapo pamsana? Mlendo wina anabwera nako, tinakayeza pa sikelo tisananyamuke, kanali makilo 9, ndipo kakapindidwa kamatalika kuposa mita. Kukwera nako phiri la Mulanje njira ya Skyline kupita ku Chambe, kamakola nthambi iliyonse. Pamwamba paja pamakhala mwala wokhawokha malo ambiri, zikhomo sizilowa. Tinachita kudzaza miyala m'matumba n'kumangirira m'makona onse anayi. Mphepo itadzuka cha m'ma 2 koloko, mbali imodzi inabwerera mkati n'kugunda tripod. Kamera anaigwira m'malere. Ndiye funso langa kwa achemwali ndi lakuti: muzikagwiritsa ntchito kumunsi kokha, kapena mudzafunanso chinkhoma ndi mbira kuphiri?

Tiyamike (Luchenza): Chaka chino kumunsi kokha, achimwene. Kuphiri mwina chaka chamawa. Ndimayenda pa minibasi, kenako kabaza, kenako wapansi pafupifupi mphindi 40 m'minda ya tiyi.

Yohane (gaidi, Likhubula): Ndiye makilo 9 aja muwaiwale. Muli kale ndi kamera, lenzi yolemera pafupifupi makilo awiri, tripod, madzi ndi kamba. Ka waya kaja kamapindika n'kukhala ngati lichero lalikulu, kamakwana kumsana, ndipo pa kabaza sikavuta. Vuto lake ndi ziwiri. Choyamba, kupinda kwake kumafuna kuzolowera. Muyeserere pakhomo kakhumi musanapite nako kutchire, chifukwa mdima ukakupezani mukulimbana nako mudzakathyola waya. Chachiwiri, wayayo amachita dzimbiri polumikizira pake mukakasunga konyowa. Kuphiri kokha ine ndimalangiza chinsalu chongodzifunditsa, chija chimaphimba munthu ndi tripod pamodzi n'kusiya kabowo ka lenzi. Sichifika kilo imodzi, mphepo ilibe pochigwira. Ukatsamira mwala umangooneka ngati mwala unzake.

Bambo a Dalitso (Thyolo): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga ndili chete. Ndagwira ntchito yaulonda wa nkhalango za pa esiteti zaka zoposa makumi awiri, ndipo mbalame imene mwana wangayu akuifuna ndaidziwa isanatchuke kwa ojambula. Ndisanalowe pa za nsalu ndinene za mbalameyo, chifukwa ndi imene iyenera kusankha katenti, osati wogulitsa.

Alethe ndi mbalame ya pansi. Siikhala pamwamba ngati turaco kapena oriole. Imatera pa kanthambi kotsika kapena pa chipika, n'kudumphira pa masamba ouma, n'kubwereranso. Imakonda kutsata linthumbu. Linthumbu likamayenda, tizilombo timathawa m'masamba, iyo imangotola. Ndiye mukagula katenti kamene mazenera ake ali pachifuwa cha munthu wokhala pampando, muzidzaijambula kuchokera pamwamba, kumbuyo kwake kuzidzaoneka zinyalala za pansi zokhazokha. Timatenti tambiri ta pa intaneti anatipangira alenje a mfuti ndi mauta a ku America, mazenera ali m'mwamba ndipo ndi aakulu. Inu mukufuna kabowo kapansi, kotalika ngati kufika m'bondo kapena kutsikirapo, kuti lenzi iyang'anane ndi diso la mbalame. Ngati kabowo kameneko palibe, musagule, ngakhale mtundu wake ukongole bwanji.

Ndipo mudziwe kuti linthumbu lomwelo lidzakupezani mkatimo. Timatenti tambiri tilibe pansi. Ine linandilowa m'buluku ndili m'chisakasa cha chiguduli, ndinatuluka mothamanga, mbalame zonse za pamalopo zinabalalika ndipo sizinabwerenso tsiku limenelo. Yang'anani kaye kumene mzere wake ukulowera, muimike katenti kumbali, osati kutsogolo kwake. Buluku mulowetse m'masokosi. Parafini musathire, fungo lake limathamangitsa gwape ndi mbawala ndipo amaononga madzi a mumtsinje.

Tiyamike (Luchenza): Zikomo kwambiri bambo. Za kabowo kapansi sindinaziganizireko n'komwe. Ndabwereranso kukaona tiwiri timene ndinasankha tija, tonse mazenera ali m'mwamba.

Kondwani (Limbe): Ndiye muyang'ane opangira ojambula enieni, monga a kampani ya Tragopan. Awo amaika mabowo m'mwamba ndi pansi pomwe, ndi kamkono kansalu kovalitsa lenzi. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo muwerengerenso msonkho wa pachipata, musadzadzidzimuke msuweni wanu akafika pa Mwanza.

Esinati (telala, Chitakale): Pepani ndilowererepo, ine si wojambula, ndinalowa pagulu lino chifukwa cha mlongo wanga. Koma ndasokapo timatenti titatu ta anthu a pagulu pompano. Kuboola kabowo kapansi si ntchito yaikulu. Ndimadula mozungulira, n'kusokerera kamkono ka nsalu yakuda kokhala ndi lasitiki kumapeto kuti kagwire lenzi. Chofunika ndi ulusi wa poliyesitala, chifukwa wa thonje umavunda nyengo imodzi yokha ya mvula. Pamene padutsa singano pamafunika kupakapo guluu womatira misoko, uja amagulitsa m'masitolo a katundu wa matenti. Mumuuze msuweni wanu abweretse kachubu kamodzi, kuno sindinamuonepo. Ndiye ngati kotchipako kali bwino pa zina zonse, kabowo kokha kasakulepheretseni.

Bambo a Dalitso (Thyolo): Mayi a ku Chitakale anena zanzeru. Ine mpaka lero ndimakhulupirira nsungwi zinayi ndi ziguduli. Chiguduli sichinyezimira, sichilira mphepo ikawomba, chimapuma, ndipo chikabedwa sulira nacho. Koma ndivomereze kuti Chiperoni akagwa chimamwa madzi n'kulemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo kamera ya masiku ano siingapirire zimene tinkapirira ife.

Mayi Aphunzitsi (Mulanje boma): Ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo, ndiye ndilankhulepo pa nkhani ya mtundu wa nsalu, poti ndaona kuti ndi imene imatenga mtima wa ogula. Mawanga a masamba mumawaona pa timatentiwo, ambiri anajambula nkhalango za kumpoto kwa dziko lapansi nthawi yoyoyoka masamba, ofiirira ndi otuwa. Nkhalango za m'makhwawa a Thyolo ndi za ku Ruo ndi zobiriwira chaka chonse ndipo pansi pake ndi pamdima. Komabe mawangawo si nkhani yaikulu monga amanenera ogulitsa. Gwape ndi mbawala saona mitundu yambiri ngati ife, amadalira mphuno ndi makutu. Mbalame zimaona mitundu kuposa ife, zambiri zimaonanso kuwala kwa UV kumene maso athu sakuona, koma chimene chimazithawitsa kwambiri ndi kusuntha, maonekedwe a mutu ndi mapewa a munthu, ndi chinthu chonyezimira. Chinthu chimene chaima malo amodzi osagwedezeka zimachizolowera, ngakhale chikhale chobiriwira chabe chopanda mawanga.

Choncho poyang'ana zithunzi za ogulitsa, funsani izi. Kodi mkati mwake ndi mwakuda? Ngati nsalu ikulowetsa kuwala, dzuwa likakhala kumbuyo kwanu mthunzi wanu umaonekera kunja, ndipo mukakweza dzanja mbalame imaona. Kodi nsaluyo ikunyezimira? Yonyowa imanyezimira koposa. Inunso muvale zakuda kumtunda, ngakhale m'manja, ndipo musatsegule zenera lakutsogolo ndi lakumbuyo nthawi imodzi, chifukwa kuwala kumapyoza n'kukuonetsani. Pochapa musagwiritse sopo waufa uja amawalitsa zovala, madzi okha akwanira.

Tili ndi mphunzitsi wabwino wa zimenezi paphiri pathu pomwe. Pali nanzikambe wina wa ku Mulanje amene akatswiri anatcha gulu lake Nadzikambia, kuchokera ku dzina lathu lomweli la Chichewa. Ana a sukulu amaganiza kuti amabisala ndi mtundu wokha. Ndikawatengera kutchire amaona okha kuti amamuphonya chifukwa cha kudekha kwake. Akangoyenda, amupeza.

Yohane (gaidi, Likhubula): Pa za phokoso ndionjezereko. Velcro, kansalu komatirira kaja kamalira ukamamatula, ndi mdani. M'nkhalango muli zii m'mawa, mukamatula velcro nchima zimayamba kukuwa m'mitengo, ndipo nchima zikakuwa nkhalango yonse yamva. Zipi nayenso amalira. Mupake kandulo m'mano mwake, ndipo mazenera amene mudzagwiritse ntchito mutsegule mukangolowa, kusanache.

Esinati (telala, Chitakale): Velcro ndimachotsa n'kuikapo mabatani aakulu ndi timalupu ta chingwe. Mkati mukapanda kukhala mwakuda ndimasokereramo nsalu yakuda yopepuka, ya pa kaunjika imakwana. Imawonjezera kulemera pang'ono.

Tiyamike (Luchenza): Nanga za Chiperoni zenizenizo? Chifukwa mvula ya Januwale ndimaidziwa, imagwa n'kusiya. Chimene ndikuopa ndi mawawa aja a Juni ndi Julayi, masiku atatu dzuwa osaoneka.

Kondwani (Limbe): Apo ndiye pamene nambala zanga zija zimathera mphamvu, ndivomere. Kanga ndi ka 3,000mm, sikanathonyepo, koma tsiku lina ku Thyolo mu Julayi ndinanyowa ndili mkati. Si mvula ayi, ndi mpweya wanga womwe. Kunja kukuzizira, mkati ndikupuma, madontho anadzaza kudenga n'kuyamba kugwera pa kamera. Nsalu imene siilowetsa madzi siitulutsanso chinyontho. Ndiye muone ngati kali ndi timabowo totulutsira mpweya pamwamba, tophimbidwa kuti mvula isalowe. Galasi la kutsogolo kwa lenzi likhale kunja kwa katenti nthawi zonse, pansi pa kachipewa kake, likalowa mkati limachita nkhungu nthawi yomweyo. Ndimanyamulanso kathaulo kakang'ono kopukutira denga.

Bambo a Dalitso (Thyolo): Chiperoni sagwa kuchokera kumwamba kokha, amayenda cham'mbali ndi mphepo yochokera ku Mozambique. Khomo la katenti lisayang'ane kumene akuchokera. Ndipo pansi pa mitengo, ngakhale mawawa atasiya, masamba amapitiriza kudontha theka la tsiku. Madontho amenewo ndi aakulu, pa nsalu yokokedwa kwambiri amalira ngati ng'oma. Ine ndimayala chiguduli chimodzi pamwamba pa denga, phokoso limatha, kunyezimira kumathanso. Denga lathyathyathya musatenge, madzi amadikha pakati. Likhale losongoka kapena lozungulira.

Mukafika kunyumba, chinthu choyamba musanadye n'komwe, katambasuleni pakhonde. Mukakasiya m'chikwama masiku awiri kachita chuku, ndipo fungo la chuku silichoka. Utoto wotchinga madzi uja umayambanso kumatuka ngati khungu la njoka.

Mayi Aphunzitsi (Mulanje boma): Chuku yemweyo amamera ndi mkati mwa lenzi, ngati ulusi wa kangaude pagalasi. Kuno kumunsi kwa phiri, mbali ya kum'mwera, mvula imapitirira mamilimita 2,000 pa chaka, ndiye si nkhani yongoopseza. Lenzi musaisunge m'chikwama chimene munali nacho kutchire. Ikani m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino pamodzi ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyontho, ndipo silica gel-yo muziumitsanso akakhuta chinyontho.

Yohane (gaidi, Likhubula): Nyengo inayo ilinso ndi zake. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi nthawi ya moto wolusa. Nsalu za timatentizi zimasungunuka zikangokhudzana ndi moto, ndipo uli mkati suona zimene zikuchitika kumbuyo kwako. Mukamva fungo la utsi, tulukani mukaone. Mu Okutobala mkatimo mumatentha ngati mu uvuni ikangokwana 9 koloko, ndiye madzi akumwa malita awiri osachepera. Ndipo ngati kagona kutchire, musalowe ndi mutu. Gwedezani kaye, unikani ndi tochi m'makona. Mphiri imakonda malo ofunda ouma ngati amenewo ndipo siithawa.

Tiyamike (Luchenza): Pamenepo pa kugona kutchire ndi pamene ndimafuna kufunsa. Ndinawerenga kuti katenti kayenera kukhala pamalo masiku angapo kuti mbalame zizolowere. Kuno zingatheke? Ndikuopa kukapeza palibe.

Kondwani (Limbe): Kanga koyamba kanapita choncho. Usiku umodzi wokha.

Bambo a Dalitso (Thyolo): Mwana wanga, apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha mundimvetsetse bwino. Kubedwa ndi vuto laling'ono. Njira yake ilipo: mumange kachisakasa ka nsungwi ndi ziguduli zakale, kofanana kukula ndi katenti kanu, kakhale pamalopo sabata yathunthu. Tsiku lojambula mufike kusanache, muchotse ziguduli, muimike kanu pomwepo. Mbalame zinazolowera kale kuti pali chinthu pamenepo.

Vuto lalikulu ndi anthu amene sakudziwa chimene mukuchita. Tonse tikukumbukira za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo kuno mpaka ku Blantyre. Anthu anataya miyoyo chifukwa chongoganiziridwa, ena chifukwa chokhala alendo pamudzi, ena chifukwa cha chikwama chimene ananyamula. Tsopano taganizani mayi akupita kukatola nkhuni m'bandakucha, akupeza kanyumba ka mawanga ngati a asilikali pamene dzulo panalibe kanthu, pakabowo patuluka chinthu chakuda chonga mpope, mkati muli munthu wovala zakuda mpaka m'manja. Mayi ameneyo akakuwa, simudzapeza nthawi yofotokoza za alethe. Ndipo sindingamudzudzule, chifukwa palibe anamuuza.

Katentiko kakubiseni kwa mbalame, kwa anthu ayi. Musanakaimike, pitani ku ofesi ya esiteti mukapemphe chilolezo, ndipo chikhale cholembedwa. Mkulu wa alonda adziwe tsiku ndi malo, ndi alonda a usiku omwe, chifukwa amasinthana ndipo uthenga umathera panjira. Kenako mupite kwa amfumu a mudzi woyandikana nawo, mutenge katentiko, mukatambasule pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo. Ana alowemo, amayi asuzumire mu kamera, muwaonetse chithunzi cha mbalameyo. Auzeni kuti dzina lake ndi la kwawo konkuno, kuti azungu anailemba koyamba kuchokera ku Thyolo kuno mu 1927, nthawi imeneyo akulemba kuti Cholo, ndi kuti kunja kwa mapiri ochepa a kuno kum'mwera ndi a kumpoto kwa Mozambique siipezeka kwina kulikonse padziko. Anthu akamva zimenezo amanyadira. Ine ndinaona mfumu ikutuma mdzukulu wake kuti azilondera chisakasa cha mlendo popanda kupempha kanthu.

Ngati ndi m'nkhalango ya boma kuphiri, yambirani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula ndipo mutenge gaidi. Malo ngati Dziwe la Nkhalamba ali ndi ulemu wake, si poimika katenti mwachisawawa.

Yohane (gaidi, Likhubula): Bambo anena zonse. Ndingowonjeza kuti musayende mutavala zamawanga pamsewu kapena pa rodibuloko, zimabweretsa mafunso osafunika. Chikwama cha katenti chikakhala chamawanga, chilowetseni m'thumba wamba. Ndipo musapite nokha. Kupita awiri kumathandizanso pa mbalame: mumalowa nonse, mnzanu n'kutuluka n'kumapita poyera, zimene zinakuonani mukubwera zimayesa kuti munthu wachoka. Mnzanuyo akakhale chapatali panjira, aliyense wodutsa amuuze kuti muli mlendo akujambula mbalame.

Mayi Aphunzitsi (Mulanje boma): Pali chinanso chimene chimandiwawa mtima, ndinachiona ndi maso. Wojambula wina anaika kabeseni ka madzi patsogolo pa katenti kuti mbalame zizibwera kudzasamba. Zinabweradi. Atachoka anasiya kabeseniko. Patatha masiku ochepa anyamata anatchera ulimbo pa nthambi zomwe zija anaziika kuti mbalame ziziterapo. Iye anapita ndi zithunzi zake, mbalame zinathera mu mphika. Katenti kamaloza malo. Aliyense woona kumene lenzi yayang'ana wadziwa pamene pali mbalame. Nkhalango ya paphiri la Thyolo inatha pafupifupi yonse ndi nkhwangwa ndi makasu, alethe yatsalira m'tizigawo ting'onoting'ono ngati timene a esiteti ya Satemwa anasunga ndi kumapazi a phiri la Mulanje. Ili pa mndandanda wa mbalame zimene zili pangozi yotheratu. Ndiye mukamaliza, chotsani chilichonse, nsungwi, nthambi zoterapo, ngakhale masamba amene munasesa muwabwezere. Pachisa musaimikepo katenti ngakhale mutachipeza, ndipo malo enieniwo musawalembe pa Facebook.

Kondwani (Limbe): Amayi, za kabeseni ndikuvomereza. Koma zoitana mbalame ndi sipika bwanji? Kamodzi kokha sikungaononge.

Mayi Aphunzitsi (Mulanje boma): Kamodzi kanu, kamodzi ka wina mawa, kamodzi ka gulu la alendo Loweruka, pa kankhalango kamodzi komweko. Mbalame imasiya kudya n'kumafunafuna mdani amene kulibe. Ubwino wa katenti ndi womwewo, kuti simufunika kuitana. Mumadikira.

Kondwani (Limbe): Ndamva amayi.

Bambo a Dalitso (Thyolo): Anyamata a malegeni aja musawaone ngati adani. Ndi amene amadziwa kumene linthumbu ladutsa lero. Mmodzi mumulembe ganyu yokuperekezani, mumulipire bwino, aone kuti mbalame yamoyo ikumubweretsera ndalama kangapo pamene yakufa ndi ndiwo za tsiku limodzi. Awiri mwa amene ndinkawathamangitsa kale pano amaperekeza alendo.

Tiyamike (Luchenza): Ndawerenga kawiri zonse. Ndasiya ka hub, ndasiyanso ka mpando chifukwa mpandowo umandikweza m'mwamba ndipo pamalopo ndi potsetsereka. Ndapeza ka waya ka munthu mmodzi, makilo osakwana 4, mkati mwakuda, denga losongoka, kali ndi potulutsira mpweya. Alemba 2,000mm, misoko yomata. Kabowo kapansi kalibe, ndipo mazenera ndi a velcro. Mtundu wake ndi wobiriwira wosakanikira ndi wofiirira. A Kondwani, 2,000 ikwana?

Kondwani (Limbe): Pansi pa mitengo, ndi chiguduli cha bambo chija padenga, ikwana. Kakafika mukayese kaye pakhomo: kaimikeni, wina athire madzi ndi keni yothirira mbewu kwa mphindi khumi inu muli mkati ndi tochi. Pamene pathonye muzungulize ndi choko, mupakepo guluu uja. Zikhomo zobwera nako zimakhala tiwaya topindika msanga, kawotcheretseni zanu zisanu ndi zitatu za chitsulo chomangira nyumba. Musaiwale kuti m'nkhalangomo ndi mumdima, ISO (nambala ya mmene kamera imamvera kuwala) idzakwera mpaka 3200 kapena kuposa, ndiye katenti kakhale pafupi, mamita asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pa chipika chimene imaterapo. Shata muiike yosalira ngati kamera yanu ili nayo.

Yohane (gaidi, Likhubula): Pokhalira mutenge kasiponji kokutidwa ndi pulasitiki, ndi lona kakang'ono koyala pansi. Kuzizira kwa Julayi kumalowera pansi.

Tiyamike (Luchenza): Ndatumiza ndalama kwa msuweni, guluu ndamuuzanso. Bambo a Dalitso, Lachiwiri ndikupita ku ofesi ya esiteti ndi kalata. Kwa amfumu ndikuchita mantha pang'ono kupita ndekha, sindidziwa kuti ndikayambe bwanji. Mungandiperekeze?

Bambo a Dalitso (Thyolo): Ndikuperekezani mwana wanga. Mundiuze kumbali dzina la mudzi, mwina amfumuwo ndimadziwana nawo. Tidzapite katenti katafika kuti akakaone ndi maso. Muvale chitenje, ndipo musindikize chithunzi chimodzi cha mbalameyo papepala kuti tikawasiyire. Nsungwi ndili nazo kuseri kwa nyumba, ziguduli mupeze zinayi.

Esinati (telala, Chitakale): Kakafika mubwere nako pamodzi ndi kamera, lenzi itavala kachipewa kake, ndi tripod yomwe. Ndikufuna mukhale pansi mkatimo monga mmene mudzakhalire kutchire, ndiyeze pamene lenzi ikugunda nsalu ndisanadule. Lachisanu ndimakhala wopanikizika, mubwere Lolemba kapena Lachitatu m'mawa.